Chigoba cha Kiriketi Pamphuno Panga

Anthu a pa merikado ya Milange, msika wathu uja, aifotokoza nkhani iyi mpaka yatha mchere. Wina amati ndinakomoka, wina amati ndinaitana mayi anga amene anatisiya kalekale. Mabodza! Lero muimva kuchokera kwa mwini manyazi. Sekani mmene mungathere, mano ndi anu. Koma amene akudikira kuti pamapeto ndinena kuti "pepani", akatenge mkeka agone, chifukwa adikira mpaka Ruo ataphwa.

Ine ndine Armando, bambo a Zito, wogulitsa kalamidade. Anzathu a kutsidya ku Muloza amati kaunjika. Ntchito yathu ndi juga yololedwa ndi boma: belo umagula lomanga, m'kati simuoneka, umangokhulupirira pakamwa pa wogulitsa. Tsiku limenelo wogulitsa ku Mocuba anamenya belo ndi chikhatho nati, "Ili ndi la zamasewero, patarau, bwana wanga. Orijino!"

Ine m'mutu ndinaona kale majezi a mpira wamiyendo, anyamata akulimbirana pa benchi langa.

Nditafika nalo kunyumba ndinadula mawaya, belo linapuma n'kufufuma. Mayi a Zito, akazi anga, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

Poyamba anatuluka malaya. Koma mitundu yake, abale! Pinki, chikasu, lalanje, wofiirira wonga biringanya, onse odzaza zolembalemba za makampani kuyambira paphewa mpaka pamchombo. Kenako zipewa zolimba zokhala ndi zitsulo kumaso ngati zenera la kupolisi. Kenako magolovesi a zala zonenepa ngati nthochi. Kenako ziphathi zazitali zomanga m'miyendo, zofewa ngati matiresi a khanda.

"Bambo a Zito, mwagula chiyani apa?"

"Ndagula tsogolo, mayi."

"Tsogolo la ndani? Kuno kuli nkhondo?"

Ndinapitiriza kutulutsa katundu. Wamalonda weniweni safunsa kuti chinthu chinapangidwira chiyani, amafunsa kuti ndani angachifune.

Ndipo zinayenda! Zipewa zija anazilanda anyamata a taksi-mota, aja onyamula anthu pa njinga zamoto. Ziphathi za m'miyendo anatenganso iwo omwe, ati zikuwateteza ku paipi yotentha ndi agalu a m'njira. Magolovesi anagula bambo wina wowotcherera zitsulo. Malaya ndiye anauluka. Chimene chinandidabwitsa n'choti malaya angapo, a mitundu yosiyana ndi zizindikiro zosiyana, kumsana kwake kunali dzina limodzimodzi.

"Ameneyu ndi chidakwa," ndinawauza makasitomala. "Timu iliyonse imene walowa akumuthamangitsa."

Onse anavomereza. Pa merikado ukayankhula molimba mtima, umasanduka nyuzipepala.

Koma pansi penipeni pa belo panali thumba lalikulu lodzaza tinthu tina timene tinandizunguza mutu. Tizigoba ta pulasitiki yolimba, tofanana ndi papaya wamng'ono wodula pakati, kumtunda kotambalala, kumunsi kosongoka. M'mbali mwake munali kamphira kofewa, pamsana timabowo. Tina toyera, tina titayamba chikasu chifukwa cha ntchito.

Ndinayesa kuyezera nandolo, samakhazikika pansi. Ndinayesa kutungira madzi, amadontha. Mayi a Zito anati mwina n'choikamo sopo, koma sopo wake ndiye wa mawonekedwe otani?

Unali mwezi wa Okutobala. Amene amadziwa Milange nthawi imeneyo akudziwa kuti fumbi silipempha odi. Tsiku lina masana kamvuluvulu anadutsa pakati pa merikado, mapepala ndi majumbo m'mwamba, anthu akutsokomola. Ine chigoba chinali m'manja. Mosaganiza ndinangochiphimba kumaso.

Abale anga. Chinakwana!

Kotambalala kunagwira masaya, kamphira kanakhala bwinobwino osalasa, mphuno ndi kamwa zonse m'kati, mpweya ukulowa m'timabowo. Ndinaima pamenepo fumbi likundizungulira, ine ndikupuma ngati nduna m'galimoto yotseka magalasi.

Ndinakhala pansi n'kuganiza mwa sayansi. Masewero awa, kaya ndi otani, ali ndi chipewa cha mutu. Ali ndi za manja. Ali ndi za miyendo. Chatsala n'chiyani? Mphuno! Thupi la munthu ndinaliyendera lonse kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Ndinadumpha malo amodzi okha.

Madzulo omwewo ndinadula chubu chakale cha njinga, n'kuboola m'mbali mwa zigoba, n'kumanga timalamba. M'mawa mwake ndinafika pa siteji ya taksi-mota nditavala changa.

Mkulu wa anyamata a pa siteji ndi Kalisto, munthu wamfupi wa chifuwa chotambalala, amene amayenda msewu wa ku Molumbo tsiku ndi tsiku n'kubwerako ali wofiira ngati njerwa.

"Epa, Armando! Chakuluma n'chiyani kumaso?"

"Chitukuko, Kalisto. Ichi ndi chotchinga fumbi cha kunja. Zija tinkavala nthawi ya mliri zinali nsanza. Ichi n'cha ku Dubai."

Dubai ndinangomutola m'mutu, chifukwa pa malaya ena ndinaonapo chithunzi cha ngamila.

Kalisto anatenga chimodzi, anachitembenuza, anachigogoda ndi chala. Kenako anachinunkhiza.

"Nanga kafungo aka?"

"Ndi mankhwala opha tizilombo. Kakatha kafungoko ndiye kuti mphamvu yatha."

"Nanga izi zachikasuzi?"

"Zimenezo ndiye zamphamvu kwambiri."

Anavala. Anadziyang'ana pagalasi la mota yake, uku ndi uku. Anakankha mota, anazungulira merikado, anabwerako maso akuwala.

"Armando, iwe ndi dotolo!"

Sabata isanathe, siteji yonse inali itavala. Mukanaona! Mzere wa njinga zamoto ukutsika ku fulontera, kumalire ndi Malawi, aliyense chipewa cha zitsulo kumutu, ziphathi m'miyendo, chigoba pamphuno. Anthu anazitcha "Dubai". Wopanda Dubai makasitomala ankamudutsa, ati si wamakono. Anyamata a ku Muloza anayamba kuwoloka kudzafunsa ngati zatsalako. Ine ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, moni ndikuyankha ndi mutu wokha.

Apa m'pamene ndinalakwitsa masamu, ngati kunali kulakwitsa. Ndinakumbukira apongozi.

Apongozi anga aamuna, Bambo Mukhuna a ku Mongue, ndi mkulu wa mpingo, munthu wosakweza mawu, wosaseka pagulu. Chikwatirire mwana wawo sanandinenepo choipa, koma sanandinenepo chabwino. Amangondiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mitambo yosadziwika ngati ibweretse mvula kapena mphepo. Nthawi yopuntha nandolo amavutika ndi chifuwa. Ndinati mwayi wanga ndi uwu.

Ndinawasungira chapamwamba kuposa zonse, chachikulu, chimene chinabwera ndi malamba akeake a lasitiki ndi kathumba kansalu kolowetsamo chigobacho. Malambawo anandivuta pang'ono kuwamvetsa, koma ndinapeza njira: lamba wamkulu kuzungulira mutu, awiri ang'ono kudutsa m'makutu.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Mongue. Ndinakhala chapatali monga mwa ulemu, ndinaomba m'manja, n'kupereka kudzera mwa mayi a Zito.

Bambo Mukhuna anavala. Anapuma kamodzi, kawiri. Anagwedeza mutu.

"Akamwini," anatero mawu akumveka ngati akuchokera mumtsuko, "mwaganiza bwino."

Mawu atatu amenewo ndinawadikira zaka zonse za banja langa! Pobwerera njinga inkangoyenda yokha.

Ndinamva kuti ankavala popuntha nandolo, popita kumsika, ngakhale popalasa njinga kupita kutchalitchi. Akafika ankachitsitsira pakhosi, n'kuwerenga mawu a Mulungu chili lende pachifuwa ngati mendulo.

Ndiye kunabwera alamu anga.

Jakisoni ndi mchimwene wa mayi a Zito. Amakhala ku Durban, kumene amagulitsa zakumwa m'bwalo lina lalikulu la masewero. Akabwera kuno amayenda ndi magalasi akuda ngakhale kuli mitambo, ndipo chilichonse amayamba ndi "eish". Ine ndi iye sitinagwirizanepo. Iye amati ndine wogulitsa nsanza, ine ndimati ndi wonyamula mabotolo.

Tsiku limene anafika, Bambo Mukhuna anabwera ndi njinga kudzamuchingamira, ndipo anagwirizana kuti akumane pa benchi langa. Apongozi anakhala pampando umene ndinawabwerekera, Dubai ali pamphuno chifukwa kunali mphepo. Mayi a Zito anali pambali akupinda malaya. Ine, changa chili pamalo pake.

Tinamva phokoso la mota. Anali Kalisto, atanyamula Jakisoni kuchokera ku fulontera. Koma Jakisoni sanali kukhala bwino pampando. Anali atapindika, akugwedezeka, akumenya Kalisto pamsana. Mota itaima anatsika n'kugwada pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Wadwala?" anafunsa mayi a Zito.

"Chiyambire ku fulontera akungoseka," anatero Kalisto. "Ndikamufunsa, akuloza kumaso kwanga n'kuyambiranso."

Anyamata ena a pa siteji anayamba kufika, aliyense ndi Dubai wake. Jakisoni akadzutsa mutu n'kuona wina, ankagwanso.

"Eish! Eish, eish! Tauni yonse! Ndani wakuchitani zimenezi?"

Zala zonse zinaloza ine. Ine ndinatukula chifuwa.

Jakisoni anatembenuka kuti andiseke bwino. Maso ake anadutsa ine n'kugwera pampando. Anaona bambo ake omubereka, mkulu wa mpingo, atakhala mwaulemu manja pamaondo, lamba kuzungulira mutu, awiri m'makutu.

Kuseka kunazima ngati wathira madzi pamoto. Anavula magalasi.

"Bambo," anatero motsitsa. "Vulani."

"Wafika bwanji, mwana wanga?"

"Ndafika bwino. Bambo, chonde, vulani chimenecho."

"Chikundithandiza chifuwa. Anandipatsa akamwini."

Jakisoni anandiyang'ana. Ndikanakhala nkhuku, bwenzi nthenga zitathothoka zokha.

"Alamu, mukudziwa kuti katundu uyu ndi wa masewero anji?"

"Za dzina n'zosafunika. Ntchito ndiye ikuoneka."

"Ndi kiriketi!"

"Ndimadziwa," ndinatero, ngakhale mawuwo ndinali kuwamva koyamba.

Anatulutsa foni yake yaikulu ngati mbale. Anthu anaunjikana, amayi a tomato, anyamata a makala, mpaka wowotcherera zitsulo uja ndi magolovesi ake.

"Taonani. Iyi si kiriketi yakale ija imene amasewera masiku asanu anthu akupumira tiyi. Iyi ndi yachidule. Timu iyi imenya, inayo imenya, maola atatu basi, aliyense kwawo. Masiku ano dziko lililonse lili ndi ligi yake. India, Australia, zilumba za ku Karibiyani, Dubai, ngakhale ku Joni kwathu."

"Kwanu ndi ku Mongue," anatero apongozi m'kati mwa chigoba.

"Inde, Bambo. Ndiye osewera amawagula pa okushoni, ngati fodya ku Limbe. Amaika chithunzi cha munthu, mabwana n'kumakweza timatabwa, wina n'kumenya nyundo. Wagulidwa! Mwezi uno wavala pinki ku India, ligi ikatha akwera ndege, wavala chikasu kwina, kenako lalanje kwina. Chaka chonse ali m'mahotela."

"Si chidakwa?" anafunsa mayi wina amene anagula malaya a pinki.

"Chidakwa? Amene ali ndi majezi ambiri ndiye dolo! Aliyense akumufuna."

Mayiyo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana phiri.

Pafoni panaoneka bwalo lodzaza anthu, magetsi owala ngati masana, nyimbo, atsikana akuvina pansanja, moto ukulavulidwa m'mwamba. Pakati panaima munthu atagwira thabwa. Chipewa cha zitsulo, magolovesi a nthochi, ziphathi m'miyendo. Katundu wanga yense!

"Mwaona?" ndinakuwa. "Orijino! Ndinakunamizani?"

"Nanga pamphuno bwanji alibe kanthu?" anafunsa Kalisto.

"Kumeneko anathira simenti. Fumbi kulibe."

"Dikirani," anatero Jakisoni. Anasuntha chala, anafufuza, anapeza kanema wina. "Penyani apa. Osaphethira."

Munthu wamtali ngati mlongoti anayamba kuthamanga kuchokera kutali, ngati akuthamangira minibasi yomusiya. Anazunguza mkono. Mpira unagunda pansi, unadumpha, wa thabwa uja anaphonya. Mpirawo unamupeza m'mphechepeche.

Amuna onse amene tinali pamenepo tinati "Uuuh!" nthawi imodzi, ngati kwaya.

Munthuyo anagwa chogwada. Anzake anamuzungulira, ena akubisa kuseka. Kanemayo anabwereza pang'onopang'ono, kuchokera kutsogolo, kuchokera kumbali. Kenako munthuyo anadzuka, anatembenukira kumbali, analowetsa dzanja m'buluku.

Anatulutsa Dubai. Atang'ambika pakati.

Mnzake wina anathamanga kuchokera kunja atanyamula wina watsopano. Munthuyo analandira, analowetsa komweko, anadumphadumpha kuti chikhazikike, n'kutolanso thabwa.

Merikado ya Milange sinakhalepo chete chomwecho. Ndinamva ntchentche ikutera pa usipa mzere wachitatu.

Kalisto anakweza manja pang'onopang'ono, anachotsa chake, anachiyang'ana m'kati. Chinali chimodzi mwa zachikasu zija.

"Mankhwala," anatero motsitsa. "Unati ndi mankhwala."

Mnyamata wina anathamangira kuseri kwa baraka yogulitsira zakumwa, tinangomva akulavula. Wina anayamba kupukuta lilime ndi malaya. Amayi a tomato anayamba kugwa mmodzimmodzi, atagwira m'mimba, nsalu kukamwa.

Apongozi anakweza manja kumutu. Anamasula lamba wa khutu lamanzere, kenako wa lamanja, kenako wamkulu. Anachigwira ndi zala ziwiri, n'kuchikoleka pa handulo ya njinga yawo. Anatulutsa kansalu m'thumba, anapukuta kumaso mosafulumira, n'kubwezeranso manja pamaondo.

Munthu wamba akanavula chake, n'kugwada, n'kupempha chifundo. Ine si munthu wamba. Ndinakoka kalamba kanga kuti kathine bwino.

"Mafoni a masiku ano amanama," ndinatero. "Amayankhulitsa ngakhale anthu akufa."

"Alamu, ine ndimagwira ntchito m'bwalo! Ndimaziona ndi maso!"

"Mumaona mabotolo."

"Armando, vula," anatero Kalisto.

"Sindivula! Tiyerekeze kuti ndi zoona. Nanga chalakwika n'chiyani? Chinthu sichibadwa ndi ntchito imodzi. Tayala la galimoto simupangira nsapato? Neti ya udzudzu simutchingira anapiye? Iwe Kalisto, tandiuza pamaso pa anthu: chiyambire kuvala Dubai, watsokomolapo?"

"Ayi."

"Chimfine?"

"Ayi."

"Nanga ukulira chiyani?"

"Ndikulira chiyani? Ndakhala ndikupuma mpweya wa m'buluku la munthu wosamudziwa, kuchokera pano mpaka ku Molumbo, kupita ndi kubwera! Dzulo mkazi wanga anachibwereka popeta chimanga!"

Anthu anaphulikanso. Anyamata a taksi-mota okha ndiwo sanaseke. Anayamba kundizungulira, zigoba zili m'manja ngati miyala. Ndinaona kuti apa pafunika mfundo yamphamvu, apo ayi benchi langa lisanduka nkhuni.

"Ndipo ndikuuzeni," ndinakweza mawu, "amene analakwitsa malo ndi iwowo, osati ine. Munthu uli ndi thabwa m'manja, uli ndi maso awiri, mpira ukubwera poyera masana. Ungakupeze bwanji kumeneko? Uja wa pafoni ndi waulesi. Mwamuna wochangamuka safuna chigoba kumunsi!"

Jakisoni anamwetulira. Kumwetulira kumene sindinakukonde.

"Alamu, mukutanthauza kuti inuyo mpira sungakupezeni?"

"Ngakhale mutaponya mpaka mawa."

"Tiyese?"

"Tiyese!"

Mawu akatuluka sabwerera. Kalisto analumpha nati, "Zabwino! Ukaumenya, tivala Dubai mpaka mvula igwe. Ukakupeza, ulandira katundu wako yense, ndipo udzatitsukira njinga mwezi wathunthu."

"Ndavomera!"

Anthu anakankha mabenchi, pakati pa merikado panatseguka kanjira. Wina anazula thabwa pa kireti ya tomato n'kundipatsa. Kumbuyo kwanga anaimika kireti ya zakumwa, ati ndiye timitengo timene wa thabwa amateteza pa kiriketi. Mpira panalibe, koma mayi wina anapereka mango aawisi, aja olimba amene ana amadya ndi mchere. Jakisoni anawasankha mmodzimmodzi, akuwayeza m'dzanja ngati akugula.

Kalisto anandibwereka chipewa chake cha zitsulo ndi ziphathi. Wowotcherera anavula magolovesi n'kundiveka. Ndinaima pamenepo ngati msilikali wa kumwezi.

Mayi a Zito anabwera pafupi, akuyang'ana kumbali kuti bambo awo asamve.

"Bambo a Zito, tiyeni kunyumba."

"Mwamuna sathawa pabwalo, mayi."

"Ndiye chisamutseni chinthucho. Chitsitseni kumene chikuyenera."

"Ndikachitsitsa ndiye kuti ndavomera."

"Vomerani! Ine ndidakali wamng'ono, Zito akufunika mlongo wake!"

"Khalani pambali muone ntchito."

Anachoka akupukusa mutu, n'kukaima kumbuyo kwa amayi a tomato.

Jakisoni anavula jekete, anapinda malaya, anabwerera m'mbuyo mpaka kwa ogulitsa mapoto. Anatenga limodzi mwa mango aja, anapukuta bangolo pa buluku monga amachitira a pafoni aja. Anayamba kuthamanga. Nsapato zosongoka, mimba ikugwedezeka, mkono n'kuzungulira.

Ine ndinatsinzina n'kukupiza thabwa ndi mphamvu zanga zonse.

Phwaa!

Ndinalimenya! Abale, lembani penapake, ndinalimenya! Bango linasweka, chidutswa china chinauluka pamwamba pa malata mpaka kukagwera kwa ogulitsa nkhuku. Merikado yonse inakuwa. Ana anathamangira chidutswacho. Ngakhale Kalisto anaomba m'manja asanakumbukire kuti wakwiya.

"Sikisi!" anakuwa Jakisoni mosafuna. "Eish, imeneyo ndi sikisi!"

Sindinadziwe kuti sikisi n'chiyani, koma ndinakweza thabwa m'mwamba n'kuloza mbali zonse zinayi, monga ndinaonera pafoni. Ndinavina pang'ono. Ndinaloza apongozi ndi thabwa mwaulemu. Mumtima ndinaona kale chithunzi changa pa okushoni, mabwana a ku India akukanganirana, ine ndi jezi ya pinki ndikukwera ndege pa Quelimane.

"Nkhani yatha!" ndinatero. "Valani Dubai wanu!"

"Ayi, alamu," anatero Jakisoni. "Woponya saponya kamodzi. Amaponya kasanu ndi kamodzi. Ndiwo malamulo."

Apa munthu wanzeru akanati malamulo amenewo sitinapangane. Koma ine magazi anali atatentha.

"Bweretsani onse! Bweretsani mtengo womwe!"

Jakisoni anasankha bango lina, laling'ono, lobiriwira, lolimba ngati mwala wa mumtsinje. Ulendo uno anavula ndi nsapato zomwe. Anabwerera m'mbuyo kudutsa a mapoto, mpaka kwa osoka zovala. Ndinamuona akubwera, fumbi likudzuka kumbuyo kwake, nkhope yake ili ya munthu amene bambo ake avekedwa kabudula wamkati kumutu.

Ndinaganiza kuti ulendo uno nditsegule maso kuti ndione bwino kumene ndilitumize. Ndinatsegula. Koma mpweya wanga wa m'chigoba unali utakwera m'maso, thukuta likutsika, zitsulo za chipewa zikundidulira dziko m'timizere. Ndinaona bango likuchoka m'dzanja. Ndinaliona likugunda pansi. Ndinakupiza thabwa kumtunda, kumene ndinkaganiza kuti lidzera.

Bango silinadzere kumtunda.

Sindikufotokozerani ululu wake. Amuna akuudziwa, amayi sangaukhulupirire. Ndingoti ndinaona Milange yense atasanduka woyera, ndinamva mabelu a tchalitchi cha ku Mongue ndili pa merikado, ndipo maondo anga anapanga chisankho osandifunsa. Thabwa linagwa uko, ine uku, nditapindika ngati nsomba youma.

"Uuuh!" inatero kwaya ya amuna. Amayi a tomato ndiye ankangomenya pansi ndi manja, mawu atawathera.

Wina ankandikupiza ndi katoni. Wina ankati ndidumphe ndi zidendene. Wina ankati aitane taksi-mota, Kalisto n'kuyankha kuti ya ndani, popeza zonse zikudikira kutsukidwa. Mayi a Zito ndinangowamva chapatali akuti, "Ndinanena ine! Ndinanena!"

Kenako gulu linapatuka. Ndinaona nsapato zakuda zopukuta bwino zikubwera pang'onopang'ono. Bambo Mukhuna, amene chikwatirire ine mwana wawo sanayandikirepo kwa ine kufika pogwirana chanza, ananjuta pambali panga. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi, ziphathi, magolovesi, chipewa, mpaka pa chigoba chimene chinali chikhalirebe pamalo pamene ndinachiika.

Anthu anatchera khutu kuti amve chiweruzo.

"Akamwini."

"Bambo," ndinayankha. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mtsikana wa kwaya.

"Mphuno ili bwanji?"

Ndinasonkhanitsa mpweya wonse umene unatsala m'thupi, ndinadzutsa chala chimodzi cha golovesi kuti merikado yonse ione.

"Ili bwino, Bambo. Fumbi silinalowe ngakhale pang'ono!"

Pomanga mpanda, abale anga, yambani kumene kuli mbewu.